Dzombe pakati pa njovu: kumvetsa mkangano wa mech yosalimba mu MechWarrior Online

Aliyense amene wakhalitsako pa masewera a pa intaneti otchedwa MechWarrior Online amaudziwa mkangano umene sutha pakati pa osewera ake, wokhudza timakina tating'ono tankhondo monga Locust. Gulu lina limati kamakina kotere ndi bokosi lamaliro loyenda ndi miyendo, chifukwa kuwombedwa kamodzi kokha ndi mfuti zikuluzikulu n'kokwanira kukagwetsa, ndipo munthu wobwera nako kunkhondo amakhala wamana anzake mfuti zomwe akanabwera nazo akanasankha chimakina chachikulu. Gulu lina limadandaula zosiyana kotheratu, limati timakina timeneti sitiwombereka, timazembera kumbuyo kwa zimphona za matani 100 n'kuzigwetsa zisanatembenuke n'komwe, choncho n'tofunika kuchepetsedwa mphamvu. Chimene chimasokoneza mlendo n'chakuti madandaulo awiriwa amanenedwa pa makina amodzimodzi, m'sabata imodzimodzi, ndipo mbali iliyonse imanena zomwe inaona ndi maso ake.

Cholinga pano si kugamula kuti wolondola ndani. Mkanganowu uli ngati chingwe chopotedwa ndi luzi lambiri, ndipo anthu amakangana mpaka kalekale chifukwa wina wagwira luzi la malamulo a masewera, wina la intaneti, wina la malipiro, koma onse akuganiza kuti akukamba chinthu chimodzi. Tiyeni tilimasule limodzilimodzi.

Mech n'chiyani, ndipo inachokera kuti?

Mawu akuti mech amatanthauza chimakina chankhondo chotalika ngati nyumba yosanjikiza, choyenda ndi miyendo iwiri, chimene munthu amachiyendetsa atakhala m'kachipinda ka kumutu kwake. Sichidziganizira chokha ngati loboti. Ndi galimoto yankhondo yomwe m'malo mwa matayala ili ndi miyendo, ndipo mfuti zake zimamangidwa m'mikono ndi m'chifuwa.

Mamech a m'masewera amene tikukambawa anabadwira pa tebulo, osati pa kompyuta. Mu 1984 kampani ya FASA ya ku Chicago, yomwe anaiyambitsa Jordan Weisman ndi L. Ross Babcock III, inatulutsa masewera otchedwa Battledroids, amene posakhalitsa anasinthidwa dzina n'kukhala BattleTech chifukwa mawu akuti droid anali ndi eni ake, kampani ya Lucasfilm. Osewera ankayala mapu a pepala ogawidwa m'timabwalo ta ngodya zisanu ndi imodzi, n'kuikapo tizidole toimira mamech, ndipo chilichonse chochitika pankhondo chinkadalira madayisi awiri ndi pensulo yolembera zomwe zawonongeka. Nthano yake inaikidwa kutsogolo kwambiri, cha m'ma 3025, pamene mabanja achifumu akulimbirana maiko a m'mlengalenga. Masewera oyamba a pa kompyuta a dzina la MechWarrior anatuluka mu 1989, MechWarrior 2 inatsatira mu 1995, ndipo MechWarrior Online, yopangidwa ndi Piranha Games ya ku Vancouver m'dziko la Canada, inatsegulidwa kwa aliyense mu Okutobala 2012 ikadali yoyeserera, n'kukhazikitsidwa mwalamulo mu Seputembala 2013.

M'masewera a tsiku ndi tsiku mumakumana matimu awiri a anthu 12 mbali iliyonse, nkhondo imatenga mphindi zosapitirira 15, ndipo munthu aliyense amalowa ndi mech imodzi yokha. Ikagwa, wagwa nayo, amangotsala n'kuonerera anzake. Mfundo ya moyo umodziyi muisunge, chifukwa theka la mkangano wonse lagona pamenepa.

Matani ndi chishango: kusalimba kumatanthauza chiyani?

Mamech amagawidwa m'magulu anayi potengera kulemera. Opepuka amayambira matani 20 kulekeza 35, apakati 40 mpaka 55, olemera 60 mpaka 75, ndipo zimphona zogumula malinga zimayambira 80 mpaka 100. Locust, dzina lomwe m'Chichewa ndi dzombe, ili pansi penipeni pa matani 20, pomwe Atlas, chimphona cha nkhope yonga chigaza cha munthu, ili pamwamba pa matani 100. Kulemera kumeneku ndiye thumba la ndalama la wokonza mech. Injini, mfuti, zipolopolo, zoziziritsira makina ndi zitsulo zodzitetezera, zonse zimadya matani kuchokera m'thumba limodzi, ndipo ukawonjezera kuno uyenera kuchotsa uko. Mayi amene wapita kumsika ndi ndalama zowerengeka amalidziwa bwino vutoli: akagula nyama yambiri, mafuta ndi tomato zimapereweza.

Thupi la mech lili ndi zigawo zisanu ndi zitatu, zomwe ndi mutu, pakati pa chifuwa, mbali ziwiri za chifuwa, mikono iwiri ndi miyendo iwiri. Chigawo chilichonse chili ndi chishango chakechake kunja komanso mafupa achitsulo m'kati, ndipo zigawo zitatu za chifuwa zimagawa chishango chawo pakati pa kutsogolo ndi kumsana. Mech imafa mutu ukaphwanyidwa, pakati pa chifuwa pakabooka, kapena miyendo yonse iwiri ikaduka. Malamulo amaikanso malire a chishango chomwe kulemera kulikonse kungasenze, kotero kuti ngakhale mwini Locust atafuna kusiya mfuti zonse kuti adzaze zitsulo, pali pomwe ayenera kulekezera.

Manambala ake ndi amene amaonetsa kukula kwa phompho. Pa tebulo, Locust ya mtundu wa LCT-1V imanyamula mapointi 64 a chishango thupi lonse, pomwe Atlas ya mtundu wa AS7-D imanyamula 304. Piranha Games inachulukitsa kawiri chishango ndi mafupa a mech iliyonse kuti nkhondo zizitalikirako, koma kusiyana kunakhala komweko. Tisanawerenge zowonjezera zapadera zomwe tizikamba kutsogoloku, pakati pa chifuwa cha mech ya matani 20 pamakwana mapointi 24 a chishango ndi 12 a mafupa, onse pamodzi 36, pamene pa Atlas pamakwana 124 ndi 62. Mfuti yotchedwa AC/20 imawononga mapointi 20 ndi chipolopolo chimodzi, ndipo pali mamech monga King Crab amene amanyamula ziwiri. Zipolopolo ziwirizo zikagwera malo amodzi ndi mapointi 40, zomwe kwa Atlas ndi kukanda pang'ono chabe, koma kwa Locust ndi mapeto a ulendo.

Pali chinanso chowonjezera kusalimbaku. Kuti apeze matani a mfuti, oyendetsa mamech opepuka ambiri amaika injini yotchedwa XL, imene imalemera theka la injini wamba koma imatambalala mpaka m'mbali zonse ziwiri za chifuwa. Pa mamech a gulu la Inner Sphere, limodzi mwa magulu akuluakulu a m'nthano ya BattleTech, komwe Locust ili, kutaya mbali imodzi ya chifuwa uli ndi injini yotereyi ndi imfa ya pompopompo. Apa munthu amakhala wagula liwiro ndi mfuti pogulitsa moyo, ndipo amachita zimenezi akudziwa.

Liwiro ngati chishango

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake angasankhe Locust? Yankho la okonza masewera kuyambira pachiyambi linali lakuti chipolopolo chimene chakuphonya sichifuna chishango. Pa tebulo, kabwalo kamodzi kamaimira mamita 30 ndipo chigawo chimodzi cha nkhondo chimaimira masekondi 10. Locust imatha kuthamanga timabwalo 12 pa chigawo chimodzi, omwe ndi makilomita 129.6 pa ola, pomwe Atlas imalekezera pa timabwalo tisanu, makilomita 54 pa ola.

Malamulo a pa tebulo ankalipira liwiroli mwachindunji. Woyendetsa wa luso lapakati amafunika kuponya 4 kapena kupitirira pa madayisi awiri kuti awombe chinthu chosavuta, ndipo izi zimatheka maulendo 33 mwa 36 alionse. Koma mdani akasuntha timabwalo 10 kapena kupitirirapo pang'ono, pa nambalayo pamawonjezeredwa 4, ndiye kuti pafunika 8, yomwe imatheka maulendo 15 okha mwa 36. Mdaniyo akakhala patali pang'ono n'kuwonjezerapo 2, wowomberayo akakhala kuti nayenso amayenda n'kuwonjezerapo 1, nambala yofunika imafika 11, ndipo mwayi umatsika kufika kamodzi pa maulendo 12. Ngakhale chipolopolo chitamenya, madayisi amaponyedwanso kuti aone chigawo chomwe chagwera, kotero kuti mfuti zinayi zowombedwa pamodzi zimatha kumwazikana, ina kumkono, ina kumwendo, ina pachifuwa. Chitetezo cha dzombe pa tebulo chinali cholembedwa m'malamulo, ndipo chinkagwira ntchito chimodzimodzi kaya wosewerayo ali ndi manja onjenjemera kapena ayi.

Pa kompyuta madayisi kulibe. Chimene chilipo ndi diso ndi dzanja la munthu, ndipo mfuti zonse za mech zimalunjika pa kadontho kamodzi komwe wowomberayo waloza. Kusintha kumeneku kunachita zinthu ziwiri zotsutsana. Kwa wowombera wosazolowera, kamech kothamanga makilomita opitirira 150 pa ola, monga momwe Locust imathamangira ikaikidwa injini yaikulu kwambiri yomwe ingalowe, n'kovuta kukamenya kuposa momwe madayisi akanalolera. Kwa katswiri amene wazolowera kuloza kutsogolo kwa chinthu chothamanga, kamech komweko n'kosavuta kukapha kuposa pa tebulo, chifukwa mfuti zake zonse zikagwera pa mwendo umodzi. Ndipo mwendo umodzi ukaduka liwiro limatsikiratu, dzombe n'kukhala lopanda mapiko pamaso pa nkhuku. N'chifukwa chake langizo loyamba limene osewera akale amapatsa atsopano ndi lakuti mech yopepuka uziiwombera miyendo.

Funso lakuti liwiro lingalowedi m'malo mwa chitsulo silinayambire pa masewera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, John Fisher, analimbikitsa kupanga zombo zankhondo zokhala ndi mizinga ikuluikulu koma zitsulo zopyapyala, pokhulupirira kuti kuthamanga kudzaziteteza. Pa nkhondo ya ku Jutland pa 31 Meyi 1916, zitatu mwa zombo zoterezi, Indefatigable, Queen Mary ndi Invincible, zinaphulika n'kumira ndi amuna opitirira 3,000. Komabe akatswiri a mbiri mpaka lero sagwirizana kuti cholakwa chinali zitsulo zopyapyala, kapena kusasamala posunga wonga pofuna kuwombera mofulumira, kapena kutumiza zombozo kukalimbana maso ndi maso ndi adani omwe sizinapangidwire. Mukamva osewera akukangana kuti Locust ndi yoipa kapena woyendetsa ndiye anaigwiritsa ntchito molakwika, dziwani kuti akubwereza mlandu wakale womwewu.

Intaneti ndi kukula kwa thupi

Pali luzi lina limene kulibe pa tebulo, lomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa kompyuta ya wosewera kupita ku seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa nkhondoyo, ndi kubwerako. Osewera amaitcha ping, ndipo imayezedwa m'timagawo ta sekondi. Kwa chinthu choyenda pang'onopang'ono kuchedwaku sikuoneka, koma mech yothamanga makilomita 150 pa ola imasuntha mamita pafupifupi 42 pa sekondi imodzi. Uthenga ukachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, Locust imakhala yapita kale mamita asanu ndi atatu kuchoka pomwe wowombera akuiona, pamene Atlas yoyenda makilomita 50 pa ola imakhala yasuntha mamita osakwana atatu, thupi lake lalikulu likadali panjira ya chipolopolo. Zili ngati kuponya mwala pomwe mwamva kulira kwa mbalame, mbalameyo itauluka kale.

M'miyezi yoyambirira ya masewerawa vutoli linali lalikulu moti osewera ankati mamech opepuka ali ndi chishango chosaoneka chopangidwa ndi kuchedwa kwa intaneti. Nthawi imeneyo Raven 3L, ya matani 35, yokhala ndi chipangizo cha ECM chomwe chimasokoneza zida za adani zoonera ndi kuloza, inkaopedwa kuposa zimphona zambiri. Mu 2013 Piranha Games inabweretsa njira yotchedwa Host State Rewind, imene imachititsa seva kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kuona ngati, pa nthawi yomwe munthuyo anawombera, mdaniyo analidi pomwe ankamuona. Izi zinachepetsa kwambiri chishango chosaonekacho, ngakhale kuti madandaulo akuti ndamuwombera koma sanapwetekeke sanathe. Maseva a masewerawa ali kutali ndi Africa, monga ku North America ndi ku Ulaya, choncho wosewera wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg amalowa ndi ping yokwera nthawi zonse, ndipo zomwe iye amaona zokhudza mamech othamanga, kaya akuwayendetsa kapena akuwawombera, sizingafanane ndendende ndi zomwe amaona mnzake wa ku Germany.

Kukula kwa thupi pa sikirini nakonso n'kofunika ngati chishango chenicheni. Mu Juni 2016 kampaniyi inakonzanso misinkhu ya mamech kuti igwirizane ndi matani ake. Locust inacheperako, koma ena a matani 35 monga Jenner ndi Firestarter anakula, ndipo oyendetsa ake ambiri anaona kuti asanduka osavuta kuwombera popanda kupatsidwa chowabwezera. Kuyambira pamenepo mawu akuti mech yopepuka anasiya kutanthauza chinthu chimodzi, chifukwa ya matani 20 ndi ya matani 35 zimakhala moyo wosiyana kwambiri pabwalo.

Kusalimba kwa mtundu wina

Si mech yosalimba iliyonse imene ili yothamanga. Pali ina imene imataya chishango kuti inyamule mfuti zoposa msinkhu wake, ndipo osewera amaitcha glass cannon, kutanthauza mzinga wopangidwa ndi galasi, woopsa ukawombera koma wosweka ukangogundidwa. Chitsanzo chodziwika ndi JagerMech ya matani 65, yomwe pa tebulo mtundu wake wa JM6-S uli ndi matani asanu ndi limodzi okha a chishango, ndipo mu MechWarrior Online anthu ankakonda kuimangirira ma AC/20 awiri pogwiritsa ntchito injini ya XL. Mech yotere imadalira kubisala kumbuyo kwa anzake olimba, n'kutulukira pomwe adani atanganidwa. Mkangano wake ndi wofanana ndi wa Locust koma ndi wosavuta kuumvetsa, popeza zomwe imapereka ku timu zimaoneka pa manambala a zowononga. Zomwe mech yopepuka imapereka nthawi zambiri sizilembedwa paliponse, ndipo apa ndi pomwe nkhani imafika pa ndalama.

Ntchito yake ndi malipiro ake

M'nthano ya BattleTech, Locust inalipo yambiri chifukwa inali yotsika mtengo. Ndalama za m'nthanoyi zimatchedwa C-Bills, ndipo Locust imagulidwa pafupifupi 1.5 miliyoni pomwe Atlas imapitirira 9 miliyoni, kutanthauza kuti mkulu wa asilikali akanatha kugula madzombe asanu ndi limodzi pa mtengo wa chimphona chimodzi. Palibe amene ankayembekezera kuti dzombe limodzi lifanane mphamvu ndi Atlas. Ntchito yake inali kuzonda, kuthamangitsa asilikali oyenda pansi, ndi kufika msanga komwe chimphona chikanafika nkhondo itatha. Koma mu MechWarrior Online mpando uliwonse mwa mipando 12 uli ndi munthu mmodzi ndi moyo umodzi, ndipo palibe amene amapatsidwa madzombe asanu ndi limodzi. Kuti masewera akhale achilungamo kwa munthu wokhala pampandowo, mech ya matani 20 iyenera kukhala yaphindu ngati ya matani 100, chinthu chimene malamulo a 1984 sanalonjeze.

Okonza masewera anayesa kudzaza mpatawu popatsa mamech opepuka ntchito zawozawo. Mech ikaona mdani n'kumuloza, timu yonse imamuona pa mapu, ndipo anzake okhala ndi mizinga youluka patali, yotchedwa LRM, amatha kuwombera ali kuseri kwa phiri. Pali zida monga TAG ndi NARC zothandiza mizingayo kulondola mdani, palinso kandege kakang'ono kotchedwa UAV komwe kamaulutsidwa pamwamba pa adani n'kuwaonetsa onse. Mumtundu wa nkhondo wotchedwa Conquest, pa mapu pamakhala malo asanu oti alandidwe ndipo timu yoyamba kusonkhanitsa mapointi 750 imapambana, choncho wothamanga amatha kupambanitsa timu yake asanaphe aliyense. Koma mu Skirmish chofunika n'kupha adani onse basi, ndipo kumeneko ntchito yozonda imatha m'mphindi ziwiri zoyambirira, makamaka popeza osewera akale amadziwa kale njira zomwe adani amadzera pa mapu alionse.

Ntchito ina ndi yosokoneza. Osewera ambiri amaunjika chishango kutsogolo n'kusiya chochepa kwambiri kumsana, ndiye mech yopepuka ikazembera kumbuyo imapeza pofewa. Piranha, mech ina ya matani 20, ili ndi mtundu wonyamula mfuti zachiwaya 12, zomwe zikapeza chishango chabooka zimatafuna za m'kati m'kanthawi kochepa. Ngakhale isaphe aliyense, mech yotere imatha kukopa adani atatu kapena anayi kuti aithamangitse, zomwe osewera amazitcha kuthamangitsa gologolo, ndipo pa nthawiyo anzake amakhala akumenyana ndi adani ochepa kutsogolo. Aliyense amene anaonapo kagalu kamodzi kakubalalitsa ng'ombe za pa dambo amadziwa kuti mphamvu si minofu yokha.

Vuto n'lakuti masewerawa amalipira C-Bills ndi mapointi a nkhondo potengera kwambiri kuchuluka kwa zomwe munthu wawononga. Malipiro a kuzonda, kuloza adani ndi kulanda malo alipo, koma ndi ochepa poyerekeza. Woyendetsa Locust amene wakoka adani anayi n'kupambanitsa timu akhoza kupezeka pansi pa ndandanda, pomwe mnzake amene anaima patali n'kumwaza mizinga paliponse ali pamwamba. Otsutsa mamech opepuka amaloza ndandandayo n'kunena kuti umboni ndi uwu, ndipo oikira kumbuyo amati ndandandayo ndi sikelo yoyezera chimanga yomwe ikugwiritsidwa ntchito poyeza mkaka. Ndiyenera kunena kuti pa mfundo imodziyi oikira kumbuyowo ali ndi pogwira, chifukwa ngakhale otsutsa ambiri amavomereza kuti kusokoneza adani kulibe nambala yake. Chimene amakana n'chakuti aliyense wopeza mapointi ochepa azibisala kumbuyo kwa mawu akuti ndimazonda.

Mumtundu wa masewera wotchedwa Faction Play zinthu zimasinthako, chifukwa munthu amabwera ndi mamech anayi omwe kulemera kwawo konse kuli ndi malire. Kumeneko kutenga Locust imodzi kumamasula matani oti zimphona zikwane, ndipo mtengo wotsika wa dzombe umabwereranso kukhala phindu monga zinalili pa tebulo.

Luso la woyendetsa

Anthu akamati mech ndi yabwino, ena amatanthauza zomwe katswiri angachite nayo, ena amatanthauza zomwe munthu wamba amachita nayo, ndipo pa mech yosalimba mayankho awiriwa amatalikirana kwambiri. Woyendetsa Atlas akalakwitsa n'kutulukira pamalo oipa amataya chishango china n'kubwerera, n'kuphunzirapo kanthu nkhondo ikadalipo. Woyendetsa Locust akaima sekondi imodzi kuti aloze bwino, kapena akagunda mwala n'kutsika liwiro, phunziro lake amakalimvera ali kale pa mpando wa oonerera. Njinga ya kabaza imadutsa pomwe lole yatsekeredwa, koma woipalasa alibe mwayi wolakwitsa kawiri pamsewu waukulu.

Masewerawa amagawa osewera m'magulu asanu a luso, kuyambira Tier 5 ya ongoyamba kufika Tier 1 ya akatswiri. M'magulu apansi, katswiri mmodzi wa mech yopepuka amaoneka ngati mfiti, chifukwa adani ake sadziwa kuwombera miyendo, sadziwa kutsamira khoma kuti ateteze msana, ndipo sakumbukira kuti pali mizinga ya Streak SRM imene imalondola yokha chinthu chomwe chalozedwa. M'magulu apamwamba, komwe pafupifupi aliyense amaloza bwino, mech yomweyo imafunika kusewera mochenjera kwambiri kuti ifike kumapeto. Wodandaula kuti dzombe siliphedwa ndi wodandaula kuti dzombe limafa msanga nthawi zambiri amakhala akusewera m'mabwalo osiyana.

Pofuna kukonza kusiyanaku, mu Novembala 2014 Piranha Games inayamba kupatsa mamech ofooka zowonjezera zapadera zotchedwa quirks, monga chishango choposa malire akale kapena mfuti zowombera mofulumirirapo. Kuyambira mu 2021 ntchito yambiri yosintha manambalawa yakhala ikuchitika mogwirizana ndi gulu la osewera odziwa bwino masewerawa lotchedwa The Cauldron. Zimenezi zikutanthauza kuti Locust ya chaka china si yofanana ndi Locust ya chaka chinzake, ndipo munthu amene anasiya kusewera kale akhoza kulankhula motsimikiza za mech yomwe kulibenso.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu kwambiri ndi lakuti manambala azikonzedwa poganizira ndani. Akawonjezera chishango cha Locust kuti wongoyamba azikhalitsa pabwalo, katswiri amasanduka chilombo chosagwirika m'magulu apansi. Akachichepetsa kuti katswiriyo aweteke, wongoyambayo amaisiya mechyo osadzaikhudzanso, ndipo gulu la opepuka, lomwe nthawi zambiri limakhala kale ndi anthu ochepa pamzere wodikira nkhondo, limacheperacheperabe. Palibe nambala imodzi imene yapezeka yokhutiritsa mbali zonse, ndipo ena amakayika ngati ilipo n'komwe.

Pali funso la malipiro. Kodi kompyuta ingathe kuyeza phindu la munthu amene wachititsa adani anayi kutembenuka? Ikayesa kulipira aliyense amene ali pafupi ndi adani, anthu adzapeza njira yodyera malipirowo popanda kuthandiza timu, monga zimachitikira ndi lamulo lililonse lokhudza ndalama. Ikapanda kuyesa, mamech opepuka amakakamizika kusiya kuzonda n'kumasaka misana ya zimphona, zomwe ndi zimene oyendetsa zimphonazo amadana nazo kwambiri.

Osewera ena amene anakulira pa tebulo amafunsa ngati n'koyenera n'komwe kuti makina a matani 20 azitha kugwetsa a matani 100 ali okhaokha, popeza kwa iwo zimenezi zimaphwanya nthano yomwe inawakopa. Anzawo amayankha kuti Atlas imene yatsalira yokha popanda woiteteza msana yalakwitsa, ndipo kulakwitsa kuyenera kukhala ndi mtengo kwa wamkulu monga kulili kwa wamng'ono. Kumbuyo kwa kusagwirizanaku kuli nkhani ya moyo umodzi ija: masewera onse akanakhala ngati Faction Play, pomwe matani amawerengedwa ngati ndalama, kodi pakanafunikanso kuti dzombe lilingane ndi njovu? Nanga anthu amene amakonda nkhondo za mphindi 15 chifukwa cha mantha a moyo umodziwo, angavomere kusinthaku?

Chotsalira ndi intaneti, chomwe okonza manambala sangachilamulire. Malinga ngati wina akusewera pafupi ndi seva ndipo wina ali kutali ndi makilomita zikwizikwi, mech yothamanga idzakhala ndi chitetezo chosiyana kwa anthu osiyana, ndipo sizinadziwikebe kuti ndi mbali yaikulu bwanji ya mkanganowu imene ili ya Locust yeniyeniyo, ndi yaikulu bwanji imene ili ya mawaya apansi pa nyanja.